Mphunzitsi Amene Anabwereza Kalasi

Panali munthu wina, mphunzitsi wachinyamata, amene anzake ankamutcha Achangu chifukwa chilichonse ankafuna chithe nthawi yomweyo. Teremu ina ahedi anamuuza kuti malikisi a kalasi yake awalowetse mu kompyuta, mu pulogalamu ya matebulo ija amati Ekiselo. Iye anali asanaigwirepo chibadwire.

Anapita kwa akalaliki a pasukulupo, mayi amene anakhalitsa pa ntchitoyo.

"Amayi, tandionetsani mafomyula aja owerengera okha."

"Aphunzitsi, mafomyula sathawa. Muyambe mwadziwa kuti mzere uliwonse wopingasa ndi mwana mmodzi. Dzina lake ndi malikisi ake zimayendera limodzi, sizisiyana. Khalani apa theka la ola ndikuonetseni."

"Aa, zimenezo ndi za ana a mkaka. Ndikaonera pa foni."

Anaoneradi mavidiyo, ndipo pofika Lachinayi tebulo lake linali lokongola, mitundu mbwee, mafomyula akuwerengera okha. Chinatsala n'kusanja mayina motsatira alifabeti. Anasankha mayina okhawo n'kudina batani losanjira. Kompyuta inamufunsa kenakake, iye osawerenga, kungodina. Mayina anasuntha, malikisi anatsala pomwe anali. Anasindikiza, kusayina, malipoti n'kupita kwa makolo.

Lolemba m'mawa ku ofesi ya sukulu kunabwera kalipentala wina, utuchi uli m'tsitsi, atagwira dzanja mwana wake wamkazi amene maso anali atatupa ndi kulira.

"Aphunzitsi, mwana uyu sanapitirirepo nambala 3. Ulendo uno mwalemba kuti ndi womaliza, abwereze kalasi. Chichokereni Lachisanu sakudya, akuti sukulu basi wasiya. Ine sindinapite patali, koma kuyeza ndimadziwa. Apa penapake simunayeze bwino."

"Bambo, kompyuta sinama," anatero Achangu.

Akalaliki anamva mawuwo. Mwakachetechete anatsegula kabati n'kutulutsa mapepala enieni a mayeso. Pepala la masamu la mtsikanayo linali ndi 91. Pa lipoti panali 14. Anaona la mwana wina, chimodzimodzi. Kalasi yonse inali itasinthana malikisi. Ngakhale mnyamata amene anagona tulo pa mayeso anatuluka nambala wani, ndipo bambo ake anali atamugulira kale nsapato zatsopano.

Achangu anaganiza kuti ntchito yamuthera. Ahedi atamva nkhaniyi ananena kuti, "Malipoti onse abwezedwe. Mukonza nokha, ndipo makolo mukawapepesa nokha."

Mphunzitsiyo ananjuta pamaso pa mtsikana uja.

"Mwana wanga, pukuta misozi. Amene walephera si iwe, ndine."

Mtsikanayo anamuyang'ana, n'kufunsa motsitsa mawu, "Ndiye mubwereza kalasi ndi inuyo?"

Ofesi yonse inafa nacho chiseko, mpaka kalipentala yemwe.

"Eya, ndibwereza," anayankha Achangu. "Ndipo ndikuyamba lero lomwe, ngati amayiwa andilandire."

Akalaliki anamukokera mpando. Anayambira pansi penipeni: bokosi limodzi kanthu kamodzi, mitu pamwamba, kusunga kope lina usanasinthe chilichonse, kusanja tebulo lonse pamodzi, ndiponso kufananitsa mayina angapo ndi mapepala usanasindikize. Mafomyula anabwera sabata yachitatu, ndipo anaona kuti sanali ovuta n'komwe.

Malipoti atsopano atatuluka, mtsikana uja anali nambala 2. Tsiku lomwelo anadya mbale ziwiri. Pano aphunzitsi atsopano akafika pasukulupo amatumizidwa kwa Achangu, ndipo iye salola aliyense kugwira batani losanjira tsiku loyamba.

Phunziro: Pophunzira chinthu chatsopano yambirani pansi, ndipo musachite manyazi kukhala pambali pa amene akuchidziwa. Kompyuta imangochita zimene mwaiuza, koma kuseri kwa mzere uliwonse kuli munthu. Tumizirani uthengawu mnzanu amene wangoyamba kumene kuphunzira, mwina mupulumutsa mwana wa wina.