Malume Atasiya Kumenya Ng'oma

"Malume, pamenepa musamenye ng'oma!" anakuwa mayi wotsogolera bandi ya malipenga, atagwira mutu.

Aka sikanali koyamba. Nyimboyi anaipeka yekha, ndipo pakati pake anaikapo kanthawi koti zoimbira zonse zikhale chete, kuti mbali yachiwiri, yomwe ankainyadira kwambiri, ilowe mwamphamvu. Koma malume ake, omwe ankaimba ng'oma yaikulu, akangomva kuti pali zii, dzanja linkawayabwa.

"Mwana wa mlongo wanga, nyimbo ikhale ndi bowo ngati sokosi?" anafunsa malumewo. "Ine ndimangotsekapo basi."

"Bowolo ndalifuna ndine. Chonde, muzingowerenga chamumtima."

Anakangana mpaka anzawo anatopa n'kuyamba kupukuta malipenga awo. Pamapeto pake malumewo analonjeza monyinyirika kuti ayesetsa.

Tsiku lotsegulira holo yatsopano, bandi inaimba bwino zedi. Atafika pamalo paja, mayiyo anayang'ana malume ake mtima uli m'mwamba. Mkuluyo anali atapanira chomenyera ng'oma kukhwapa, atalumanitsa mano. Muholo munangoti zii, ndendende momwe mayiyo ankafunira.

Kenako munthu wina kumbuyo anawomba m'manja. Holo yonse inatsatira, ena mpaka kuimirira. Woyendetsa mwambo anathamangira kutsogolo n'kuyamba kuthokoza bandi, dzanja la mayiyo lidakali m'malere, oimba malipenga atakoka kale mpweya.

Potuluka, mlendo wolemekezeka anagwira mayiyo chanza mwamphamvu.

"Mayi, mwaipeka bwino nyimboyi," anatero. "Chandisangalatsa kwambiri n'chakuti simunaitalikitse."