Dzina Patsamba Loyamba

Ndinamupeza mwana wanga akulibwezera m'pulasitiki buku lake la unamwino la ku koleji, lisiti ataluma pakamwa.

"Ndikukalibweza kusitolo, amayi. Buku limodzi mtengo ngati firiji? Ndizibwereka kwa anzanga."

"Mayeso ali liti?"

"Lolemba."

"Anzakowo Lolemba alibe mayeso?"

Anangoyang'ana nsapato zanga zong'ambika.

"Kusitoloko amalandira buku lolembedwalembedwa?"

"Ayi. Ngakhale kadontho ka inki amakana."

Ndinamulanda bukulo n'kutola cholembera patebulo. Patsamba loyamba ndinalemba dzina lake ndi zilembo zikuluzikulu, mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka.

"Amayi, mwatani tsopano?"

"Ndaliwononga. Khala pansi uwerenge. Koma tebuloli ndilifuna ikakwana nthawi yodya."