Bondo la Bambo a Mabasi

Chitseko cha chikepe chokwerera m'nyumba yosanja chitatsekeka, ndinapezeka tili awiriwiri ndi bambo ena, eni ake a kampani ya mabasi.

Ntchito yanga payunivesite ndi kufufuza anthu achuma oti angatithandize. Ndimadziwa ngakhale maluwa amene amakonda, koma lamulo ndi lakuti iwo asandidziwe. Bambo awa ndinawafufuza, ndi bondo lawo lovuta lomwe, mpaka kumawalota.

Tinkakwera mwakachetechete ngati tikuyandama pamadzi. Ankanunkhira sopo wa malalanje, zomwe kompyuta sinandiuzepo.

"Bondo lija lili bwanji, bambo?" Mawuwo anangondipulumuka.

Anatembenuka pang'onopang'ono. "Timadziwana, mwana wanga?"

"Ayi." Ndinaona ntchito yanga ikuuluka.

Chikepe chinaima, chitseko n'kutseguka. Sanatuluke.

"Limapweteka kukazizira," anatero motsitsa mawu. "Ana anga sanandifunsepo."