Mikono ya Agogo

"Atelala, dulani manja a madiresi onsewa!" anatero mphunzitsi wina wamkazi, akukhuthulira zovala zake patebulo.

Kwa zaka makumi awiri mayiyu ankabisa mikono yake ikuluikulu m'madiresi a manja aatali, ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Koma dzulo lake anapeza chithunzi chakale m'sutikesi ya malemu bambo ake. Pachithunzipo panali chimzimayi cha mikono ngati mitanda ya denga, chitagwira m'chiuno, chikumwetulira mopanda manyazi. Kumbuyo kwake kunalembedwa kuti "Agogo".

"Mwaona magazi athu?" anatero, akuonetsa chithunzicho kwa aliyense amene anali pabenchi. "Akazi a mtundu wathu sitibisa thupi. Ine ndinangosochera."

Sizasi inali pa diresi lachisanu pamene azakhali a mphunzitsiyo analowa kudzatenga siketi yawo. Anamulanda chithunzicho, n'kuchiyandikizitsa kumaso, kenako anaphulika nacho chiseko mpaka kugwera pamulu wa nsalu.

"Mwana iwe, awatu ndi bambo anga, agogo ako aamuna! Kuntchito kwawo kunali sewero, ndiye wosewera ngati mkazi anasowa. Ndevu anachita kuwameta mayi anga m'mawa mwake."

Atelala anaimitsa sizasi m'malere.

"Ndilekeze pomwepa, aphunzitsi?"

Mayiyo anayang'ana chithunzi chija, n'kuyang'ana mikono yake, kenako anagwira m'chiuno.

"Dulani, bambo. Ngati diresi linawakhala chonchi agogo andevu, kuli bwanji ine?"