Asiatu Adikire Panja

Asiatu anali atanyamula beseni la madzi ofunda pamene azakhali ake anamutsekereza pakhomo la chipinda momwe munagona thupi la amayi ake, kwawo ku Area 3.

"Iwe kakhale pabalaza ndi alendo. Zaka makumi awiri uli ku Mangalande, kusambitsa maliro ungakudziwe?"

"Ndi amayi anga, azakhali. Sabata yonseyi ndawadwazika ndine."

Asiatu anatembenukira kwa mng'ono wake Nasrin, yemwe m'mawa womwewo analonjeza kuti awasambitsa limodzi.

Nasrin sanadzutse nkhope. Analandira beseni lija ndi manja awiri, mwaulemu. Kenako anamuuza m'Chizungu kuti adikire panja, chonsecho chibadwire awiriwa anali asanalankhulanepo Chizungu.