Kapepala ka Pansi pa Makina Ometera

Sindinauzepo munthu aliyense kuti kapepala kaja ndinaika ndine.

Bambo anga ndi ometa tsitsi. Chaka chatha ndinkawaona akusiya kasitomala mutu uli theka, n'kuthamangira kuchimbudzi pafupipafupi. Nanga mwana wamkazi angafunse bwanji bambo ake za mkodzo? Ndinangotenga kapepala ka bungwe lolimbana ndi khansa ya pulositeti n'kukaika pansi pa makina awo ometera. Anapita kukayezetsa, matendawo anapezeka msanga, ndipo panopa ali gwa.

Lero bungwelo likupereka lipoti la chaka. Mayi wina akuwerenga kutsogolo kuti kafukufuku wapita patsogolo, ndipo abambo oyezetsa achuluka. Makumi atatu mwa iwo achokera pampando wometera wa bambo anga, chifukwa masiku ano samaliza kumeta munthu asanalonjeze kukayezetsa.

Ine ndi bambo tili kumbuyo kwa holo, ndikuwakonza tayi. Mayiwo akamaliza, olankhula ndi bambo.

"Ndikathokozanso kasitomala anaiwala kapepala uja," akutero. "Ndikadzamupeza, ndidzamumeta ulere mpaka adzachite dazi."

"Mukanena zabodza pamaso pa anthu onsewa?"

"Iwe, zabodza ziti?"

Tayi sindikuisiya. Kutsogolo anthu ayamba kuwomba m'manja. Kwa nthawi yoyamba ndikuwayang'ana bambo m'maso, osati pansapato.

"Bambo, palibe kasitomala anaiwala kanthu. Ndinkawerenga maulendo anu akuchimbudzi, ndipo ndinkaopa kuti mutisiya. Kapepala kaja ndinaika ndine."