Mapegi Kumsana kwa Duntu

Duntu atangolivala, diresi linatsetsereka m'mapewa n'kugwera m'chiuno. Atatufe tinasiya kuseka.

Chaka chilichonse timasoketsa madiresi ofanana a ulendo wathu wa kunyanja, ndipo telala anangotsata miyeso yakale. Palibe anamuuza kuti mnzathuyo wakhala akulowa ndi kutuluka m'chipatala.

"Musandiyang'ane ngati ndafa kale," anatero Duntu, yemwe tinamupatsa dzinali tili pasukulu chifukwa cha kunenepa. "Nesi, kanditengere mapegi."

Mnzathu Nesi anakawachotsa pachingwe cha matawulo kuseri kwa loji. Tinapinda nsalu kumsana n'kuipana kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno. Zala zanga zinkangogunda mafupa okhaokha.

Pamchenga, mphepo yapanyanja inkamudzandiritsa, ndiye tinamuika pakati. Mayi wina wogulitsa zipewa anavomera kutijambula.

"Tembenukani tsono, ndikujambuleni mukuyang'ana madzi," anatero mayiyo.

"Ayi mayi, kumaso kokha," anayankha Duntu.

Analandira foni, nayang'anitsitsa chithunzicho nthawi yaitali, akumwetulirabe.

"Chimenechi ndiye mudzaike pabokosi langa, atsikana. Mapegi sakuoneka."